Pakhonde pa Azakhali: Mkazi mnzako ndi ndodo yopindika

Ana anga, fikani, kokani mkeka. Amene mwabwera ndi matope nsapato muvulire uko. Makalata sabata ino abwera ochuluka, ena olira, ena ongofuna kundiyesa ngati mutu ukugwirabe. Ndasankhapo atatu chifukwa onse akununkha thukuta la anyamata othamanga chowerama ndodo ili m'manja. Tiyambe ndi wamisoziyu.

Okondedwa Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 20, ndimaphunzira zosoka. Ndili pachibwenzi ndi mnyamata wa zaka 19 amene ndimamukonda kwambiri, ndipo kwathu akumudziwa. Vuto lake amasewera hockey. Poyamba ndinkangoti ndi zachibwana, koma kumapeto kwa Novembala 2025 munthu uja anasinthiratu. Masabata awiri athunthu, masana aliwonse ndikaimba foni amadula. Ndikapita kwawo ndimamupeza atadzitsekera kuchipinda akukuwa yekha. Ndalama imene anandilonjeza ya tsitsi anagulira bandulo. Ndikafunsa akuti akuonera World Cup ya anyamata ya ku India. Tsiku lina ndinamupeza akugwetsa misozi eti India yawina, chonsecho alibe m'bale ndi mmodzi yemwe kumeneko. Masiku enanso amati cha m'ma 11 usiku sayankha uthenga, akuti masewero ali mkati. M'chikwama mwake ndinapezamo chigoba chakumaso ndi kapulasitiki kooneka ngati mano. Pano akuti ndimudikire, akakasewera World Cup imeneyo ndiye tidzachite chinkhoswe. Azakhali, mpikisano umenewu ulikodi, kapena pali mtsikana wina? Ndidikire?

Wothedwa nzeru, Ndirande

Iwe mwana wa achimwene anga, pukuta kaye misoziyo ungandinyowetsere mkeka. Zaka 20 ukulira chonchi, nanga ukadzaona zimene amuna amachita akagwira kandalama udzalira ndi chiyani? Sungako ina, idzafunika kutsogoloku.

Mpikisanowo uliko, pamenepo sananame. Mkazi mnzako alipodi, koma ndi ndodo yopindika kumapeto ija, ndipo ameneyu sungamulondole kumsika kukamukoka tsitsi. Chikho cha dziko lonse cha anyamata a zaka zosapitirira 21 chimayendetsedwa ndi bungwe la FIH. Chinayamba mu 1979 ku Versailles, m'dziko la France, mwina amayi ako asanabadwe n'komwe, ndipo oyamba kuchinyamula anali a Pakistan. Chimene chinakudyera ndalama ya tsitsicho chinachitikira ku Chennai ndi ku Madurai, kummwera kwa India, kuyambira pa 28 Novembala mpaka pa 10 Disembala 2025. Werenga wekha masikuwo, upeza kuti akugwirizana ndendende ndi masabata ako awiri a mavuto aja. Matimu anali 24, pomwe zaka zapitazi ankakhala 16. Ndiye munthu wofuna kuona zonse, bandulo ingamukwane? Uzithokoza kuti sanapinyolitse ndi makina ako osokera omwe.

Za misozi yakeyo ndamukhululukira. Tsiku lotsiriza, polimbirana nambala 3, anyamata a India anali atagona kale 2-0 kwa Argentina, pakwawo, makolo awo akuona. M'chigawo chomaliza chokhacho, cha mphindi 15, anamwetsa zigoli zinayi, masewero n'kutha 4-2. Mphunzitsi wawo anali PR Sreejesh, goloboyi uja anapuma atatenga mendulo ya Olimpiki ku Paris mu 2024. Mwamuna amene angalirire ana a eni ake akutali chonchi usamutaye msanga. Alipo ena kunjaku sangagwetse msozi ngakhale pamaliro pako, m'malo mwake azifunsa ngati ndiwo zapsa.

Chikho chenichenicho chinapita ku Germany. Analepherana 1-1 ndi Spain, n'kukathana pa shoot-out. Kumeneko sikuli koika mpira padontho n'kumenya monga amachitira a mpira wamiyendo. Wosewera amanyamuka ndi mpira pamzere wa mamita 23, yekhayekha ndi goloboyi, ndipo amapatsidwa masekondi 8 kuti agoletse. Masekondi 8, mwanawe! Ine kudzuka pamkeka pokha ndimatha oposa pamenepo. Ajeremaniwa ndi adyera zedi: chikho chimenechi achitenga kasanu n'katatu tsopano, kuyambira 1982 akadali West Germany. India yachitenga kawiri, mu 2001 ndi 2016, Argentina kawirinso, mu 2005 ndi 2021, Australia kamodzi mu 1997. A Netherlands, amene hockey ndi chakudya chawo, sanachilawepo. Zimenezi uziloweze, ukamuuze ali phee akudya, uone mmene atsamwire.

Tsopano tiye ku za usikuzo, chifukwa apa ndiye pagona nkhani. Azakhali ako sukulu sindinapite nayo patali, koma wotchi ndimaidziwa. India ili patsogolo pathu ndi maola atatu ndi theka. Ikamakwana 8 koloko usiku ku Chennai, kuno ndi hafu pasiti 4, dzuwa likadalipo, moto wa nsima yamadzulo sunasonkhedwe. Choncho zodzitsekera masana zija ndamumasula, alibe mlandu. Koma 11 koloko usiku kuno ndi hafu pasiti 2 usiku ku India. Amasewera hockey nthawi imeneyo ndani, afiti?

Mwina akuuza kuti ayi, ndi za ku Malaysia, Sultan of Johor Cup. Umenewonso uliko, wa anyamata a msinkhu womwewu. Umachitikira ku Johor Bahru, pabwalo la Taman Daya, kuyambira 2011, kawirikawiri mu Okutobala, ndipo matimu amachita kuitanidwa: India, Australia, Great Britain, eni nthaka ndi ena ochepa. Komatu Malaysia ili patsogolo pathu ndi maola 6. Ikamati 11 usiku kuno, kumeneko ndi 5 koloko m'mawa, oyimbira sanasukusule n'komwe. Njira imeneyonso yatsekeka.

Yatsala imodzi, ndipo gwira mtima. Masabata awiri oyamba a Disembala yemweyo kunalinso chikho china cha dziko lonse ku Santiago, m'dziko la Chile, kumene nthawi ili m'mbuyo mwathu ndi maola 5. Ikamati 11 usiku ku Ndirande, kumeneko ndi 6 koloko madzulo, nthawi yabwino ya masewero. Chikho chimenecho chinali cha atsikana. Ndiye wafunsa ngati pali mtsikana wina? Alipo, osati mmodzi, matimu 24 athunthu. Mwayi wako ndi woti onse ali kutsidya kwa nyanja ya mchere, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene akudziwa kuti ku Blantyre kuli kamnyamata kena kakuwawerengera zigoli. Ngati ndi zimenezo, museke pang'ono basi. Koma ngati kuzimitsa foni kwa usikuku kwapitirira mpaka Januwale, Febuluwale, mufunse modekha, ukumwetulira: akusewera ndani ndi ndani, mzinda uti, kumeneko ili nthawi yanji? Akati akuonera zobwereza mwina n'zoona, anyamatawa chigoli chimodzi amachibwereza kakhumi. Muuze kuti muonere limodzi mawa masana. Akayamba chibwibwi undilemberenso, kalata imeneyo tidzaiyankha ndi mawu ena.

Za m'chikwamazo, choyamba wakutuma ndani kupisa m'chikwama cha mwamuna amene sanatumize n'komwe ankhoswe? Tsiku lina udzapezamo masokosi a sabata yatha, udzakomoka. Kapulasitikiko n'koteteza mano. Amakaviika m'madzi otentha n'kukaluma kuti katenge maonekedwe a m'kamwa mwa mwini wake. Chigobacho amavala pa penalty corner, ndipo chikundiuza kuti wakoyo ndi wotchinga kumbuyo. Pita ukaone ndi maso ako pabwalo la hockey lija lili pafupi ndi Kamuzu Stadium, si patali ndi kwanuko. Uona mpira ukagunda phazi la wotchinga mkati mwa mzere wozungulira golo uja, oyimbira akuloza golo ndi manja onse awiri. Pamenepo otchinga anayi ndi goloboyi amalowa kuseri kwa mzere wa golo, anzawo otsala n'kuthamangitsidwa kupita pakati pa bwalo. Anayiwo amavala zigoba ndi magolovesi mofulumira, ena mpaka zoteteza mawondo, n'kuwerama m'golomo, ndodo zili pansi, maso tong'o. Wa timu inayo amakankha mpira kuchokera pamzere wakumbuyo, mnzake amauimitsa kunja kwa mzere wozungulira uja, wachitatu n'kuukoka ndi ndodo thupi lonse litatsika, kenako n'kuuponya. Imeneyo ndiye drag flick imene umamumva akubwebweta kutulo. Mpirawo ndi wapulasitiki wolimba gwa, wolemera pafupifupi magalamu 160, ndipo akatswiri amauthamangitsa kupitirira makilomita 100 pa ola. Tsono mwa otchinga anayi aja pali mmodzi amene ntchito yake ndi kuthamangira kumene mpirawo ukuchokera, molunjika, mwadala. Ukaona kuti woyamba kutuluka m'golomo ndi wakoyo, dziwa kuti uli ndi mwamuna wolimba mtima kapena wopanda nzeru. Ine pa zaka zanga zonsezi ziwirizi sindinathebe kuzisiyanitsa mwa amuna.

Chandidetsa nkhawa ine si foni, si bandulo, si atsikana a ku Santiago. Ndi lonjezo lomangirira chinkhoswe ku World Cup. Uku n'kutereka mphika mbewa zikadali kuuna. Malawi sinapondeko kuchikho chimenechi. Kuti timu ya muno mu Africa ikafike kumeneko imayenera kudutsa kaye pa Junior Africa Cup, pomwe malo ndi ochepa ndipo pakhomo pamakhala patakhala kale South Africa ndi Egypt. Ku India mu 2025 kunapita awiriwa ndi Namibia. Namibia, dziko la anthu pafupifupi 3 miliyoni, ochepa kutalitali poyerekeza ndi ife. Choncho sindikuti n'zosatheka mpaka kalekale. Koma wakoyo ali ndi zaka 19, ndipo chikhochi masiku ano chikubwera pa zaka ziwiri zilizonse: 2021, 2023, 2025. Chitseko chake chikutsekeka iye akuona. Akapambana zedi ali ndi mwayi umodzi, ndipo mwayiwo sudalira iye yekha. Ukudalira anzake 17, aphunzitsi, ndalama za ndege, ndi anthu a m'maofesi amene iwe ndi ine sitingawalamule.

Tinene kuti zatheka, wapita, wabwera ndi juzi ndi zithunzi. Ukuganiza abwera ndi ndalama ya ziwiya? Alipo amene chikhochi chinawatsegulira njira. Harmanpreet Singh anali m'timu ya India imene inagonjetsa Belgium 2-1 m'ndime yomaliza ku Lucknow mu 2016. Patatha zaka zisanu ndi zitatu anali kaputeni wa timu yaikulu ku Paris, anamwetsa zigoli 10, n'kuvala mendulo. Koma mwa anyamata 18 a timu iliyonse, okwera timu yaikulu n'kukhazikika ndi owerengeka. Ku India komweko ambiri amadalira ntchito zimene amapatsidwa kunjanji, kupolisi ndi m'makampani a mafuta. A ku Germany amene akutolera zikhowa ambiri ndi ana a kuyunivesite, akachoka pabwalo akukawerenga. Ngati eni masewerowo sataya sukulu ndi ntchito, wa ku Ndirande wakoyo akudalira chiyani? M'kalata mwako wandiuza za foni, za chikwama, za misozi, koma sunandiuze chimene mnyamatayu amachita akaika ndodo pansi. Limenelo ndiye funso ukanayamba nalo.

Chigamulo changa nachi. Usamusiye. Mnyamata wodzuka kukathamanga anzake akugonera mowa wadzulo ndi wosowa masiku ano. Koma usalole kuti tsiku la chinkhoswe chako likhale m'manja mwa FIH. Limenelo amapangana ndi ankhoswe, ndipo pa zaka 20 ndi 19 palibe amene akukuthamangitsani. Maliza zosokazo, nayenso akuonetse pepala la sukulu kapena ntchito ya manja. Loweruka pita kubwalo, ukhale poti akuone, ukakuwe dzina lake mpaka achite manyazi. Ndalama ya tsitsi ija ndi ngongole. Abweze.

Azakhali,

Ndine mnyamata wa zaka 27 koma nkhope yanga ndi ya mwana, ndevu sizimera kwenikweni. Hockey ndimaitha kuposa ana onse a m'dera lathu. Mnzanga wina akuti akhoza kundikonzera mapepala kuti ndikhale wa zaka 19, ndikayese mwayi m'timu ya anyamata, mwina n'kukwerako ndege. Mkazi wanga akukana, akuti ndichititsa manyazi ana. Tili nawo awiri, wamkulu ali Sitandade 3. Ndimunyengerere bwanji?

Wosakalamba, Zomba

Hede! Bambo a ana awiri akudzitcha mnyamata pakhonde panga! Tabwera kuno iwe Wosakalamba, tiwerenge limodzi. Mwana wa Sitandade 3 ali ndi zaka 8 kapena kuposerapo. Iwe ukakhala wa zaka 19, ndiye kuti unamubereka uli ndi zaka 11. Mapepala a mwanayo mnzakoyo akonzanso? Nanga a mkazi wako? Nanga anthu amene anavina paukwati wako awaiwalitsa bwanji?

Kumipikisano imeneyi sayang'ana ndevu, amayang'ana pasipoti. Ndipo kusintha tsiku lobadwa pa pasipoti kapena pa chiphaso cha unzika ndi mlandu wopita nawo kukhoti. Ndege imene ungakwere ndi galimoto ya apolisi, mnzakoyo ali kunyumba akudya ndalama yako.

Ngakhale mapepala atadutsa, mawondo adzakuulula. Hockey ya masiku ano ndi zigawo zinayi za mphindi 15, yopanda offside, ndipo oyimbira akaimba wezulo wolakwiridwayo akhoza kudziyambitsira yekha mpira osadikira mnzake. Palibe nthawi yogwira m'chiuno. Osewera amasinthana masewero ali mkati mopanda malire, kotero amene wakuthamangitsa mphindi zisanu amatuluka, n'kulowa wina wa mapapo atsopano. Bwalo lenilenilo, lotalika mamita 91, amalithira madzi kuti mpira uziterera. Udzapezeka ukupalamula dala kuti akupatse khadi yobiriwira, ukapumeko mphindi ziwiri.

Ndipo ganizira kamwana kenikeni ka zaka 18 kamene ukufuna kukalanda malo. Iwe nthawi yako unali nayo, mwina sinakukomere, pepa. Iko kali ndi zaka zitatu zokha. Ngati ukuposadi ana onse a m'dera lanu, tenga wezulo uwaphunzitse, kapena limbana ndi akuluakulu anzako m'timu ya msinkhu wako. Ukafunitsitsa kutchedwa mwana, dikira zaka 8 zokha. Kuli mipikisano ya achikulire yoyambira zaka 35, kumeneko ndiye udzakhala kachitsiriza weniweni. Mkazi wakoyo safunika kunyengerera. Mugulire chitenje.

Azakhali,

Ndine mayi wa ku Malawi koma ndimagwira ntchito ku Cape Town. Mwana wanga wa zaka 15 wayamba hockey kusukulu ndipo aphunzitsi akuti ali ndi luso. Tsiku lililonse ndi nkhani ya timu ya anyamata ya South Africa. Mavuto ndi awiri. Mwanayu ndi wamanzere, ndazungulira masitolo kufuna ndodo ya amanzere koma ogulitsa akungondiseka. Chachiwiri, bambo ake akuti amenewa ndi masewero a atsikana, mwana wawo azisewera mpira wamiyendo. M'nyumba mulibe mtendere. Nditani?

Mayi wotopa, Cape Town

Achemwali, khalani apa pampando, inu mkeka ayi, mwayenda mokwanira. Ogulitsawo achita mwano kukusekani, akanangokuuzani zoona: ndodo ya hockey ya amanzere kulibe. Malamulo salola. Ndodo iliyonse ili ndi mbali imodzi yafulati, ina yozungulira, ndipo mpira umamenyedwa ndi yafulatiyo basi. Ukaugunda ndi kumsana kwa ndodo, wezulo walira. Mpira ukabwera kumanzere wosewera amachita kutembenuza ndodo m'manja, ndipo dzanja limene limagwira ntchito yotembenuzayo ndi lamanzere, lomwe limakhala pamwamba. Lamanja limangoperekeza. Mwamva? Chimene mukuchiyesa chilema, anzake akuchita kuchivutikira miyezi kuti achiphunzire. Mugulireni ndodo wamba, yomufika cha m'chiuno, ngakhale yogwiritsidwapo kale. Zodula za carbon zija zisiyeni kaye, pa zaka 15 akadatalikabe ndipo chaka chamawa idzamuchepera. Musanagule ndodoyo yambani ndi choteteza mano ndi zoteteza miyendo. Dzino lakutsogolo silimeranso, ndipo mtengo wa dokotala wa mano kumeneko mukuudziwa kuposa ine.

Tsopano alamu angawo. Akuti masewero a atsikana? Choyamba, atakhala a atsikana ndiye kuti chiyani? Mendulo yoyamba yagolide ya Olimpiki imene Zimbabwe inapeza, ku Moscow mu 1980, anabwera nayo ndi amayi a hockey, dziko litangolandira kumene ufulu. Chachiwiri, akanene mawu amenewo ku Punjab kapena ku Lahore aone ngati abwerako ndi chipewa. Anyamata a India atenga golide wa Olimpiki kasanu n'katatu pa masewero omwewa. Koma musalimbane nawo pakamwa, amuna sagonja pamtsutso wa m'nyumba. Atengeni Loweruka kubwalo la sukulu, muwaimike kuseri kwa golo pa nthawi ya penalty corner. Mpira ukangomenya thabwa la m'golomo, phwaa, pafupi ndi mawondo awo, mudzaona akubwerera m'mbuyo masitepe atatu. Pobwerera kunyumba musanene kanthu. Pakatha mwezi adzakhala akuuza anzawo kuti luso limeneli mwana anatengera kwa iwo.

Koma ndikuchenjezeni za thumba, poti aphunzitsi akamayamikira luso satchula zimenezi. Ku South Africa hockey ndi yamphamvu m'masukulu, koma ndalama zake n'zochepa, ndipo maulendo ambiri amalipira ndi makolo. Timu yaikulu ya amuna ya dzikolo, popita ku Olimpiki ya ku Tokyo mu 2021, inachita kupempha thandizo kwa anthu pa intaneti. Itafika kumeneko inagonjetsa Germany 4-3. M'timu imeneyo munali abale awiri a mumzinda wanu womwewo, Dayaan ndi Mustapha Cassiem, wamng'onoyo ali ndi zaka 19 zokha. Choncho mwana wanuyo sakulota zopanda mutu, zitsanzo akuziona pafupi. Kungoti akamakwera, kuchoka timu ya sukulu kupita ya chigawo, makalata opempha ndalama za ulendo nawonso azikwera. Yambani kufunsa msanga za thandizo la sukulu, ndipo musachite manyazi, ana ambiri aluso adutsira momwemo. Mabuku asawasiye. Ndanena kale kwa wa ku Ndirande uja, sindibwereza.

China chimene mwana sangachiganizire koma inu muyenera kuchidziwa: kusewerera timu ya dziko kumayendera unzika. Juzi yobiriwira ija amavala ndi amene ali ndi pasipoti ya South Africa. Ngati wanuyo ali ndi ya Malawi, isungeni bwino, isathe masiku ili m'sutikesi. Kuno bwalo la kapeti lilipo ku Blantyre, ndipo mu 2023 linalandira mpikisano wa makalabu a mu Africa. Mnyamata wamanzere wophunzira hockey ku Cape Town sitingamubweze pachipata.

Ndodo ikadzamuchepera musataye. Ikulungeni bwino, muikweze basi ya ku Blantyre pamodzi ndi katundu wa Khirisimasi, kuno kuli ana oifuna. Alamu angawo muwapatse moni, muwauze kuti Azakhali akudikira kalata yawo.